Jekete Yomwe Bambo Sanadule

"Unawapha ndi njala ndiwe," anatero mlongo wake wamkulu, akutsegulanso firiji ngati muli mboni.

Ankauza mlongo wake wamng'ono, namwino wa kuchipatala. Chiikireni maliro a bambo awo, manja a namwinoyo sankapeza pokhala: apukute tebulo loyera kale, asunthe mipando, aibwezerenso. M'firijimo munali mazira, mapeyala ndi batala basi. Ndiyedi amene anaphunzitsa bambo kadyedwe kotchedwa kito: shuga ayi, buledi ayi, mpunga ayi, koma zamafuta, ndiponso pang'ono pokha. Anali atawerenga kuti mwina kamatalikitsa moyo, koma "mwina" uja sanamutchule kwa bambo. Madalawo, telala wa mimba yakeyake, anaphwa ngati chubu, n'kumadzitama kuti adzafika zaka zana. Mtima unawaimira ali pa makina, phazi lili pa chopondera.

"Adokotala anati mtima unatopa kalekale, achimwene."

"Adokotala! Munthu ankanunkhiza buledi wanga ngati mwana, iwe uli phee. Ine n'kungofika, bambo amvekere, 'Chigubu, udzafa usanamere imvi.' Nanga lero? Chigubu ndi uyu akupuma bwinobwino."

Anaseka, koma kunali kuseka kowawa. Chikwama chake chinali kale pakhomo. Namwino ankamudziwa mlongo wakeyo: akatuluka ndi mkwiyo umenewu, sadzapondanso pano. Amayi anatsogola kale, otsala anali awiriwa, ndipo mantha anamugwira kuposa chisoni.

"Tengani kanthu ka bambo, chonde."

"Chondikwana n'chiyani? Mpango?"

Namwino anathamangira m'chipinda chosokera. Pamsomali panali jekete yotuwa yomwe bambo anadzisokera okha, n'kumaichepetsa thupi likamatha. Ankadziwa kuti telala akachepetsa chovala amadula nsalu yotsala, komabe anatenga lezala n'kuyamba kusomola ulusi wa m'kati. Angopeza kachala kamodzi kokha ka nsalu yowonjezera, anaganiza, angomuchedwetsa munthuyu.

Nsalu yonse inalimo. Bambo sanadule ngakhale kachidutswa. Anaipinda bwinobwino, kuisita, n'kuigwiriza ndi ulusi woyera wosavuta kusolola. Atafika kumikono, namwino anaima. Bambo anali aafupi, koma nsalu yopindira m'katiyo inali yotalika kupitirira pomwe dzanja lawo likanafika.

"Achimwene, tabwerani."

Anabwera monyinyirika, akuyang'ana wotchi. Namwino anamuveka jeketeyo ili yosomokasomoka choncho. M'mapewa inakhala ngati anabadwa nayo. Mikono inatsika n'kuthera pamfundo ya dzanja penipeni.

Chigubu anayang'ana mikonoyo. Kenako anadzigwira paphewa, n'kuyendetsa chikhatho mpaka pachigongono, chala chachikulu kutsogolo, chaching'ono chikutsatira.

"Ankandichita chonchi akamandikalipira za mimba," anatero. "Ine ndinkayesa akunditsina mafuta. Kani ankandiyeza."

Panja basi yomwe Chigubu ankayenera kukwera inaliza hutala n'kudutsa. Palibe amene anasuzumira pawindo. Chigubu anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja, kusamala kuti asadetse nsaluyo.

"Umatha kusoka iwe?"

"Mabala okha."

"Yamba ndi amenewa."

Anakoka mpando wa bambo, kuupukuta fumbi, n'kumukhazika mlongo wake pa makina. Iye anaima pambali, mikono ili yotambasula, kudikira kuti amubaye mapini.