Chingwe cha Lachitatu

"Anakupempha ndani kuti uwapangire?"

"Palibe anandipempha. Ndinangoona kuti bambo ako akuvutika ndi mkono."

"Bambo anga anayamba kukulunga chingwe ndi mkono womwewo iwe usanabadwe. Anakudandaulirapo?"

Rahila amalankhula osadzutsa mutu. Anali atagwada kuseri kwa nyumba yawo, akuyanika mpunga pamkeka, koma mmene amaufalitsira ungayese akuumenya. Zaidi anali atanjuta panjira, kunja kwa mpanda wa udzu, akunamizira kukonza tcheni cha njinga chomwe sichinaguluke n'komwe. Mwana wamkazi wa a Fakiri sunkangoima naye pamsewu ngati muli kusukulu. Ukafuna kulankhula naye, njinga yako inkayenera kuwonongeka pamalo abwino.

"Koma makina okulungira chingwe aja akuyenda bwino, si choncho?"

"Akuyenda bwino zedi. N'chifukwa chake ndikufuna kukawaponya m'nyanja. Lero ndi lachingati, Zaidi?"

"Lachitatu."

"Nanga bwanji uli kunja kwa mpanda?"

Zaidi anaweramira njinga. Anapukusa pedulo, gudumu n'kuzungulira m'malere.

Nkhani yake inali yotere. A Fakiri ankapha kampango ndi bombe ndi zingwe zazitali za mbedza, ndipo chingwe chilichonse chinali ndi kathabwa kake kokulungapo. Nayiloni watsopano akachokera ku Boma amabwera pampukutu, ali ndi mwano wake. Ukamukulunga wekha amapotana, ndipo tsiku lomuponya m'madzi amakupiringizikira m'bwato, nyambo n'kuwola iwe ukumasula mfundo. Choncho a Fakiri ankayamba amuviika m'beseni la madzi ofunda, kenako ntchito inkafuna anthu atatu. Mmodzi ankakhala pansi pa mtengo wa mango, atapisa kansungwi pabowo la mpukutu, zala zazikulu zikupanikiza m'mbali kuti usathamange. Wachiwiri ankaima pakati pa bwalo ndi kansalu konyowa, chingwe chikudutsa m'dzanja lake, kuti chiwongoke komanso kuti amve ngati pali pobudulika. Mwini wake ankakhala pakhonde, akukulunga pang'onopang'ono.

Kuyambira Januwale, wa kansungwi anali Zaidi, wa kansalu anali Rahila. Lachitatu lililonse, swala, pemphero la masana, ikatha.

Ndiye tangoganizani. Chingwe chimachoka m'manja mwake n'kukadutsa m'manja mwa Rahila. Mtsikanayo akafinya kansalu, Zaidi amamva pa zala. Akaseka chamumtima, chingwe chimanjenjemera. Zaidi atazindikira zimenezi anakhala masiku atatu osamva kukoma kwa chakudya, akulemba ndakatulo m'kope lake lakale la Jogalafe. Koma anali mnyamata wosaugwira mtima. Folomu Folo anali atamaliza chaka chatha, kalata yofunsira uphunzitsi anali atatumiza chiyambire sukulu yaulere, yankho silimabwera, ndipo ankaona ngati dziko lonse lasintha kupatula iye. Anafuna kuti a Fakiri amuone kuti si wongogwira nsungwi chabe. Anapita kwa Feston, wokonza njinga pamsika, napemphako habu yakale ya gudumu, pedulo imodzi ndi mphira ya chubu. Masabata awiri akukhoma pabenchi lothyoka. Mpukutu unkakhala pasipoko, kansalu kankapanidwa ndi mphira pakati pa timitengo tiwiri, kathabwa kankamangidwa kuhabu. Munthu mmodzi, dzanja limodzi.

Lachitatu lathalo ananyamula makinawo pamutu ngati mphatso ya mfumu. A Fakiri anapukusa pedulo, ndipo ntchito ya masana onse inatha madzi a tiyi asanawire. Anamuyamikira kwambiri, mpaka kuitana anzawo a mpanda wina kuti adzaone nzeru za ana asukulu. Kenako anati, "Wandipumitsa, mwana wanga. Tsopano sindidzakuvutitsanso. Ukawapatse moni kunyumba." Rahila sanaitanidwe n'komwe pabwalo. Zaidi anafika kwawo akumwetulirabe, ndipo anazindikira chimene anachita akuvula nsapato.

"Ndikhoza kuwawononga," anatero Zaidi tsopano, akuyang'ana tcheni. "Kungochotsa kanati kamodzi basi."

"Uwawononge, uwakonze, uwawonongenso, mpaka tonse timere imvi. Tamvera kuno. Mkuja, swala ya Ijumaa, ya Lachisanu ija, ikatha, kukubwera anthu a kwa Faizal kudzandifunsira ukwati. Amalume afika mawa kuchokera ku Malengachanzi kudzawalandira."

"Faizal wa golosale uja?"

"Wa njinga yamoto yemweyo. Yake tcheni sichiguluka."

Zaidi anasiya tcheni. Anaimirira, n'kukumbukira kuti sayenera kuoneka, n'kunjutanso.

"Ndiye iweyo ukuti bwanji?"

"Ine? Ukundifunsa ine? Ndakatulo zako ndili nazo khumi ndi ziwiri m'chikwama cha Kurani cha amayi, Mulungu andikhululukire. Mwezi ulimo. Akakowa a ku Chia alimo. Maso anga alimo kasanu. Ndawerenga mpaka mapepala kufewa, koma palibe ndi imodzi yomwe ikunena chimene ukufuna. Chaka chatha unkathamangira malole a matipate, kukuwa mpaka mawu kusasa. Pano pakamwa pakulemera chiyani?"

"Ndilibe ntchito, Rahila."

"Bambo akudziwa kuti ulibe ntchito. Mudzi wonse ukudziwa. Imeneyo si nkhani yatsopano."

Anakutumula manja, nanyamula lichero, n'kulowa m'nyumba osacheuka. Nkhuku zinayamba kusendera kumkeka, ndipo Zaidi anaziingitsa ndi kamwala, poti china choti amuchitire panalibe.

Anakwera njinga osadziwa kolowera. Anapalasa mpaka pa mlatho wa Chia, naima pakati pa amayi ogulitsa chambo, akukonza mawu m'mutu. Oyamba anali ndi mwezi, anawataya. Achiwiri anayamba ndi mbiri ya agogo ake, anawatayanso. Achitatu anali abwino kwabasi, a munthu wamkulu, okhala ndi "malinga ndi" kawiri, koma pobwerera anagwera m'mchenga wa pa njira ya kudooko ndipo podzuka anali atawaiwala. Anapita kumzikiti fumbi lili m'tsitsi. Atatuluka anadutsira kwa Feston kukapempha tioili m'kabotolo, kuti asafike kwa eni ake chimanjamanja.

Zaidi anawapeza a Fakiri pakhonde, atavula kofia, akunola mbedza pa kamwala. Makina aja anali pambali pawo, atafunditsidwa chiguduli ngati mwana wodwala malungo. Timatabwa tonse tisanu ndi kamodzi tinali titapachikidwa pakhoma, chingwe chili nyezinyezi.

"Salamu aleikum, bambo."

"Wa aleikum salamu. Injiniya wathu! Khala apo. Kunyumba adzuka bwanji?"

"Adzuka bwino. Ndabwera kudzathira oili m'makinawa."

"Wachita bwino. Thira."

Anathira. Anathira kuhabu, anathira kupedulo, anathira ndi pamsomali posazungulira. Anapukuta ndi chiguduli, n'kuthiranso. A Fakiri amangonola mbedza, kwee, kwee, akuyesa nsonga pachikhadabo.

"Atha?"

"Atha."

"Chabwino. Pali china?"

"Mphirayi ikuoneka ngati yayamba kutha."

"Mphira ya sabata imodzi? Kodi Feston akugulitsa zowola masiku ano?"

Zaidi anaseka kuseka kopanda mano. M'nyumba munamveka mbale kugundana, kenako kuti chete, chete wa munthu amene waima kuseri kwa chitseko.

A Fakiri anaika mbedza m'kachitini. Analoza kukhoma ndi chibwano.

"Tanditsitsira kathabwa kobiriwirako."

Zaidi anakatsitsa.

"Ukukadziwa?"

"Ee. Tinakakulunga mwezi wathawu."

"Ndi mwezi winawo. Ndi mu Febuluwale kawiri. Iwe unapita kusukulu mpaka Folomu Folo, tandiuza. Munthu wa matabwa asanu ndi limodzi, chingwe chimodzi chimatha dzinja lonse osaduka. Angakhale ndi chingwe chatsopano chokulunga Lachitatu lililonse kwa miyezi isanu? Umayesa akampango a kuno amadya nayiloni?"

Zaidi anayang'ana kathabwa kaja ngati akukaona koyamba.

"Lachiwiri lililonse ndimakhala pano ndekha," anapitiriza a Fakiri, "kumasula chingwe chabwinobwino, kuchibwezera pampukutu wakale, kuti mawa lake pakhale chogwira. Mkono umene umati ukuwawawo unkawawa ndi zimenezo. Ndimati mwanayu ndi wamanyazi, tiyeni timupatse pokhala, tsiku lina alankhula. Ndiye iwe kulankhula ayi, koma kundibweretsera fakitale."

"Pepani, bambo."

"Usapepese, makinawa ndi abwino. A Sufiyani a mpanda winawo abwereka kale kawiri. Koma ine ndikuuze. Mkuja kukubwera alendo. Ndi anthu aulemu, mwana wawo sindinamumvere choipa. Mlamu wanga akadzandifunsa kuti kodi pali wina amene anaonekerapo pakhomo pano, ndidzati chiyani? Kuti pali wina amathira oili? Ine ndi makutu angawa sindinamve kanthu. Ndipo zimene sindinamve sindingakazinene pamaso pa anthu."

Apa ndiye panali polankhulira. Zaidi anatsegula pakamwa. Munatuluka mpweya wokha. Manja ake anali pamaondo, akusowa pogwira, ndipo kabotolo ka oili kanagubuduka n'kudontheza pa thalauzi lake lokhalo labwino.

A Fakiri anamuyang'ana. Kenako anapukusa mutu, nkhope itafewa.

"Bambo ako analinso chimodzimodzi. Pamtunda bubu, koma ukawapatsa nkhafi m'manja, nkhani mpaka ku Likoma. Anthu ena salankhula manja ali chabe."

Anadzuka mwapang'onopang'ono, nalowa m'kachisakasa kosungira maukonde, natulukamo ndi mpukutu umodzi wosatsegula, pepala la kusitolo likadali pompo. Anauponya m'beseni. Kudenga la khonde anasololako kansungwi kaja, kosalala ndi manja a Zaidi yemwe.

"Ichi ndiye chatsopano chenicheni. Ndimasungira mwezi wa mwera. Pita pamalo pako." Anakweza mawu osatembenuka. "Rahila! Bwera ndi kansalu. Usachite kuyenda ulendo wautali, ndikudziwa uli pachitseko pomwepo."

Rahila anatuluka atakokera mpango kumaso, kansalu kali kale m'manja, konyowa kale. Anaima pakati pa bwalo, maso ali pansi. Zaidi anakhala pa muzu wa mango uja, napisa nsungwi pampukutu, madzi ofunda akutsikira m'zigongono. A Fakiri anakankhira makina kumbali ndi phazi, mwaulemu ndithu, namanga nsonga ya chingwe pa kathabwa kopanda kanthu.

Chingwe chinayamba kuyenda. Mpukutu unkalira pansungwi, tswii, tswii, monga unkachitira masiku onse aja. Dzuwa linali likadali pamwamba, mthunzi wa mango utangofika pa mapazi a Rahila. Kudooko wina amakhoma bwato. Zala za Zaidi zinapeza malo ake.

"Ukuthamangitsa," anatero a Fakiri. "Panikiza."

Anapanikiza.

"Tsopano wapanikiza kwambiri. Ukufuna kundithyola dzanja?"

Anamasula pang'ono. Mpukutu unali utachepa ndi theka. Zaidi anauyang'ana ndipo anaona kuti chingwechi chili ndi pothera, kuti nkhalambayi ilibenso china m'chisakasa, kuti ikakulunga mkono womaliza idzati ukawapatse moni kunyumba. Ndakatulo zonse khumi ndi ziwiri zinabwera m'mutu nthawi imodzi, mwezi, akakowa, zonse, zikukankhana pakhomo.

Pamenepo chingwe chinaima. Rahila anali atafinya kansalu ndi mphamvu, osayang'ana aliyense. Anagwedeza kamodzi, pang'ono chabe, ndipo kugwedezako kunayenda m'chingwe mpaka pa zala za Zaidi.

"Pabudulika?" anafunsa a Fakiri.

"Ayi, bambo," anayankha Rahila. "Ndikungodikira."

A Fakiri anaika kathabwa pamwendo, napinda manja, nawonso n'kudikira.

Zaidi sanasiye nsungwi. Anaigwira zolimba ndi manja onse awiri, nadzutsa mutu, ndipo mawu anatuluka okwera kuposa mmene amafunira, moti nkhuku ya pamkeka inathawa.

"Bambo, ine ntchito ndilibe, ndipo makina aja ndinapanga mopusa. Sindinkabwera kuno chifukwa cha chingwe. Ndikufuna Rahila. Ndikufuna ndimukwatire, ngati iye akundifuna. Mundilole nditume amalume anga mawa m'mawa, alendo anu asanafike."