Kayendedwe ka Kaputeni Dzimbiri

Kuntchito amanditchula Madontho, chifukwa ndimajambula anthu ndi timadontho. Tinalipo anthu asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi pamwamba pa shopu ya matayala, ndipo chaka chimenecho tinapatsidwa ntchito yotikulira msinkhu: kusandutsa manga ya achifwamba a panyanja kuti ikhale gemu ya pakompyuta. Manga ndi mabuku aja a nthano za zithunzi a ku Japan, ndipo iyi inali itafika pa buku la 31, ana ndi akulu omwe akuilimbirana. Eni ake ankafuna gemu yachikale, ya tianthu toyenda pamapu, tolowa m'nyumba za eni n'kumatsegula mabokosi, tomenyana modikirana ngati anthu aulemu.

Mkulu wa achifwambawo, Kaputeni Dzimbiri, anagwera ine. M'buku ndi chimunthu chachitali, chandevu, chovala jekete lofiira losamanga mabatani. Kwa ine anayenera kukwana m'kabokosi ka timadontho 24 m'litali ndi 16 m'lifupi. Diso dontho limodzi, mphuno dontho limodzi. Kuti aoneke ngati akuyenda ndinkajambula zithunzi zinayi zosinthana mofulumira: phazi lamanja patsogolo, mapazi pamodzi, lamanzere patsogolo, mapazi pamodzi.

Chilichonse chinkayenera kuvomerezedwa ndi mlembi wa mangayo, munthu amene sitinamuonepo nkhope. Mawu ake ankatifika kudzera mwa mayi wina wa kukampani yosindikiza mabukuwo, amene ankatimasulira. Tinkawatchula Amayi a Lachiwiri, chifukwa imelo yawo inkabwera tsiku limenelo basi. Chombo mlembi anavomera. Zilumba anavomera. Wosoka matanga, woimba ng'oma, ngakhale mbuzi ya m'chombo, onse anadutsa ulendo woyamba. Kaputeni yekha anabwerera ndi mzere umodzi: “Sayenda chonchi.”

Ndinamutalikitsa mapazi. Lachiwiri lotsatira: “Sayenda chonchi.” Ndinamupendeketsa ngati munthu wozolowera mafunde. Ndinamugwedeza mapewa. Ndinamuulutsa jekete. Mzere unali womwewo, moti Chingwe, mnzathu wolemba makhodi oyendetsa gemuyo, anausindikiza papepala n'kuumata pachitseko cha kuchimbudzi.

Pa ulendo wachisanu abwana anaima kumbuyo kwanga, kapu ya tiyi ili m'manja. “Ndiye aziyenda bwanji? Tawafunsani, Madontho. Munthu sangamangokana osanena chimene akufuna.”

Ndinafunsa. Tinadikira sabata yathunthu. Yankho linali lakuti, “Akuti muwerengenso.”

“Kuwerenganso chiyani?” anatero Chingwe. Iyeyu mabuku onse 31 anali nawo pamtima, ankadziwa ngakhale tsamba limene mbuzi inadya mapu. “M'buku munthu sayenda. Zithunzi zake n'zoima. Mkuluyu akungotizunza.”

Kuyambira pamenepo mpando unayamba kunditentha. Ndikakhala mphindi khumi ndadzuka, ndapita pawindo, ndikuyang'ana amakanika akugubuduza matayala pansipo. Nthawi ya nkhomaliro ndinkatuluka osadya, n'kumatsatira anthu mumsewu. Ndinatsatira bambo wina wonenepa kuchokera pabanki mpaka pokwerera basi, maso anga ali pa zidendene zake, mpaka anatembenuka n'kugwira thumba la foni. Ndinatsatira msilikali, wogulitsa maambulera, mayi wonyamula mpando pamutu. Aliyense ankayenda mwakemwake, ndipo panalibe amene ankayenda ngati Kaputeni, chifukwa ineyo sindinkadziwa kuti Kaputeni amayenda bwanji.

Kunyumba nako sindinkakhazikika. Ndinkayenda kuchokera kukhitchini kupita pabalaza, kubwerera, kusintha kayendedwe, kupitanso. Amuna anga ankangokweza miyendo kuti ndidutse.

“Mayi, simenti imeneyi ndi ya eni,” anatero tsiku lina. “Mukaiboola mukafotokoza nokha kwa alandilodi.”

Abwana anali atanena kale kuti ulendo wachisanu ndi chitatu ukakanika, Kaputeni amupereka kwa wojambula wina wakunja kwa kampani. Sananene mwaukali. Anangonena akuyang'ana kalendala, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kukalipiridwa.

Loweruka masana achemwali anga anabwera kudzatenga mapoto awo aakulu amene ndinabwereka pa Khirisimasi ya chaka chinacho. Iwowa amagwira ntchito kuchipatala, mbali yophunzitsa anthu ovulala kuyendanso. Mabuku a zithunzi sawerenga, amati ndi zochedwetsa ana kusamba. Anandipeza nditakhala pansi, mabuku onse nditawayala potsegula, pabalaza popanda popondapo.

“Iwe, ukadali ndi zidole zako zija?” anatero akudumpha buku la 9. “Anzako akumanga nyumba.”

“Khalani apo, achemwali, mapoto ndikupatsani.”

Anakhala pampando, n'kutola buku limodzi chifukwa linali pomwe ankafuna kuika phazi. Anatsegula masamba awiri atatu mosafuna. Kenako anasiya kutsegula.

“Wandevuyu anavulala liti?”

“Sanavulale. Ameneyo savulala, ndiye nthabwala ya buku lonse. Mipeni imathyokera pa iye.”

“Bondo lamanzere,” anatero, ngati akuuza namwino kuti alembe. “Tapatse lina.”

Ndinawapatsa la 14. Analoza ndi chikhadabo. Apa waima, thupi lonse lili pa mwendo wamanja. Apa akutsika makwerero a chombo, watsogoza wamanzere, dzanja lili pachingwe, pamene anzake akungodumpha. Apa onse akhala pansi mopinda miyendo, iye wakhala pa mgolo, mwendo umodzi wautambasula. Anapempha la 3, ndipo m'menemo munalibe zimenezo, ankakhala pansi ngati wina aliyense. Tinafufuza limodzi mpaka tinapeza kuti zinayambira buku la 7, itatha nkhondo ya padoko, imene aliyense amaikumbukira chifukwa Kaputeni anatulukamo akuseka.

“Ndimawadziwa anthu oterewa,” anatero achemwali. “Madalaivala, aphunzitsi, azibambo a makwaya. Satsimphina ayi, amachita manyazi. Amangofulumira kuchoka pa mwendo wopwetekawo, ngati aponda pamoto, kenako n'kukweza phewa kuti usaone. Ukawafunsa amati ndi nsapato.”

“Tayendani ndione.”

“Ndiyende ine? Ndabwerera mapoto ine.”

Koma anayenda, kuchokera pakhomo mpaka pawindo, pakati pa mabuku, kawiri. Ndinawajambula pafoni. Amuna anga anasuzumira kuchokera kuchipinda n'kunena kuti matendawa ndi a kumtundu.

Lolemba ndinafika ofesi isanatsegulidwe, ndinadikira pamasitepe mpaka abwana atabwera ndi makiyi. Zithunzi sindinasinthe kwambiri. Pa chachitatu, pomwe thupi limatsamira mwendo wamanzere, ndinakweza phewa ndi dontho limodzi, jekete n'kuliphimbitsa bondo. Kenako ndinapita kwa Chingwe.

“Chithunzi chachitatu chizichoka msanga kuposa zinzake. Pang'ono chabe.”

“Chifukwa?”

“Ndikungoyesa.”

“Zizioneka ngati gemu ikujejema,” anatero, koma anasintha. Kaputeni anayenda pasikirini kuchokera kumanzere kupita kumanja. Ukapanda kudziwa sukanaona kanthu, koma mtima unkamva kuti munthuyu akulimbana ndi chinachake. Tinatumiza.

Lachiwiri imelo sinabwere. Ndinatsegula bokosi la makalata kambirimbiri mpaka abwana anandiuza kuti ndipite ndikagule shuga, ngakhale shuga analipo. Lachitatu chimodzimodzi. Lachinayi m'mawa foni ya muofesi inalira, ndipo abwana ataiyankha anaitseka ndi dzanja n'kundiyang'ana.

“Amayi a Lachiwiri. Akufuna inuyo, panokha.”

Ndinatengera foniyo pakhonde. Mawu awo ndinali ndisanawamvepo. Anali otsika, aulemu, koma osaseka.

“Mlembi akufunsa kuti wakuuzani ndani.”

“Zachiyani, mayi?”

“Za bondo. Amene akudziwa ndi anthu atatu, mlembi, mkonzi wake ndi ine. Ngati pali pepala limene latuluka, tiyenera kudziwa lero.”

Ndinafotokoza zonse, za achemwali, za mapoto, za mgolo wa m'buku la 14, za nkhondo ya padoko. Ndinalankhula mofulumira kwambiri moti anandipempha kuti ndibwereze pang'onopang'ono kuti alembe. Nditamaliza anafunsa funso limodzi.

“Achemwali anuwo sanawerengepo mabukuwa?”

“Amati ndi zochedwetsa ana kusamba.”

Apo ndinamva kakuseka kakang'ono. Anati andiyankha mawa.

Kalata ya mlembi inabwera kwa ine ndekha, ndipo inali yaitali kuposa zonse zimene anatilemberapo kuziphatikiza. Anati kayendedwe ndi kameneko. Anati wakhala akujambula bondo limenelo zaka khumi ndi chimodzi, akudikira kuti wina aone, ndipo makalata masauzande amene amalandira amangofunsa za chuma chobisika ndi za amene adzakwatire wosoka matanga. Nkhani ya bondoyo idzatuluka m'buku la 35, patsogolo zaka ziwiri. Anapempha kuti phewa ndilibweze pomwe linali chifukwa likuulula kwambiri, koma kufulumira kwa chithunzi chachitatu kukhale. Ndisauze munthu, ngakhale abwana. Pamapeto panali funso lopita kwa achemwali: bondo lotere limapweteka kwambiri pokwera kapena potsika?

Ndinawaimbira nthawi yomweyo.

“Potsika,” anatero, kumbuyo kukumveka wodwala akuwerenga masitepe. “Ndipo umuuze kuti munthu wakeyo akapitiriza kudumpha m'zombo adzafuna ndodo asanafike zaka makumi asanu. Mapoto aja unandipatsa opanda chivundikiro chimodzi.”

Abwana ndinangowauza kuti Kaputeni wadutsa. Anagula mabisiketi, Chingwe anakamatula pepala lija pachitseko.

Gemu inatuluka patatha miyezi isanu ndi iwiri, ndipo anthu anaikonda, makamaka mbuzi. Koma sabata yachiwiri madandaulo anayamba kubwera. Osewera ena amaso akuthwa analemba kuti Kaputeni akamayenda akujejema, ena onse akuyenda bwino, konzani. Anafika makumi anayi. Chingwe anawaika pa mndandanda wa zofunika kukonza, ndipo tsiku lina masana ndinamuona atatsegula fayilo ya kayendedwe.

Ndinadzuka mofulumira mpaka mpando unagwa.

“Usakhudze pamenepo.”

“Ndi nambala imodzi yokha, Madontho. Unati ukungoyesa.”

“Mlembi anavomera choncho.”

“Mlembi anavomera zithunzi. Nambalayi ndi yanga, ndipo anthu akuti ndine wosadziwa ntchito.” Anatembenuza mpando. “Ndipatse chifukwa chimodzi.”

Ndinangoima pamenepo, manja ali m'matumba a juzi, ndikusinthasintha miyendo. Chingwe anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana Kaputeni amene ankayendabe pasikirini, kupita ndi kubwerera. Anamuchedwetsa kuti zithunzi zizibwera chimodzichimodzi. Anadzuka, anapita pashelefu, anatenga mabuku anayi n'kukakhala nawo pawindo.

Anakhala pamenepo mpaka tiyi wa anthu onse anatha. Ndinkamva masamba akutembenuzidwa, mwamsanga poyamba, kenako pang'onopang'ono, kenako anabwereranso kushelefu kukatenga ena. Ine ndinkajambula mtengo wa pachilumba china, ndinaufufuta katatu.

Atabwerera pamalo pake maso ake anali ofiira pang'ono. Anatsegula mndandanda uja, pa dandaulo la Kaputeni n'kulemba kuti silikonzedwa. Abwana anafunsa ali kutsidya kwa chipinda kuti bwanji.

“Ndi mmene amayendera,” anatero Chingwe.

Kenako anasendeza mpando wake kufupi ndi wanga, n'kulankhula motsitsa kuti ena asamve. “Adzachira?”

“Sindikudziwa,” ndinatero, ndipo zinali zoona. Zimenezo mlembi sanandiuze.