Dziwe Litabiriwira

"Iwe amake Maryam, thumba limenelo ukupita nalo kuti?"

Ndinali nditaponda kale mwendo umodzi m'dziwe, thumba la manyowa a mbuzi lili paphewa. Amalume anga, Che Mahmudu, anaima pamtumbira, ketulo ili m'manja. Dziwelo tinakumba m'mbali mwa dimba lathu kwa Mposa, ndipo madzi ake anali oyera mbee, moti munkatha kuona makumba onse mpaka pansi. Anali opyapyala ngati masamba a nsungwi.

"Ndikufuna madziwa abiriwire, amalume. Alangizi akuti manyowa amameretsa tizomera tosaoneka ndi maso, ndiye nsomba zimanenepera timeneto."

"Ndowe m'madzi? Ine ndimatunga pompano madzi a wudhu, odziyeretsera ndisanaswali."

"Muzitunga kumtunda, pangalande, madzi asanalowe muno."

Koma thumba sindinalitule. Chaka chimenecho nyanja ya Chilwa inali itaphwera kutali, matemba osaoneka, ndipo kusikelo ankangondiuza kuti Maryam sakukwera. Tsitsi la mwana wanga linali litayamba kufiira. Ndinkalisisita mobisa, kuopa kuti anthu angaone kuti nanenso ndaona.

Amalume anapukusa mutu. "Ndinamva pawailesi kuti kunja akufuna kuwaza fumbi la chitsulo m'nyanja yamchere kuti mumere ndere. Ndinaseka. Kani misala yake yafika pakhomo panga."

Anakwera kungalande akung'ung'udza, ine n'kumangirira thumba pachikhomo m'ngodya ya dziwe.

Madzi anasintha pang'onopang'ono mpaka kukhala ngati msuzi wa chisoso. M'mawa uliwonse ndinkaviika mkono mpaka m'chigongono monga anatiphunzitsira: chikhatho chikamaoneka mwachimbuuzi, zili bwino, chikasowa, manyowa achuluka. Makumba anayamba kutupa misana. Mwamuna wanga Akimu, yemwe poyamba ankati ndikuphikira achule phala, anayamba kuitana anzake kudzaona "dziwe langa."

Kenaka kunagwa maliro ku Nkaya, ndipo ndinapita ndi mwana. Nditabwerako, Akimu anandilandira akumwetulira.

"Ndakuthandiza ntchito, mayi. Zitosi zonse za m'khola la nkhuku ndakhuthulira momwemo, ndi feteleza uja anatsala."

"Zonse?"

"Chinthu chabwino sayezera pasupuni. Kathumba kako kaja kanali ka ulesi."

Kumwamba kunali mitambo yokhayokha, dzuwa losatuluka kuyambira tsiku lomwe ndinachoka.

Kutangocha ndinathamangira kudziwe, Maryam ali kumsana. Pamwamba pa madzi panali timilomo tokhatokha, kutsekuka, kutsekeka, ngati ana a mbalame m'chisa. Nsomba zina zinali zitagona kale chagada, mimba zili mbuu. Ndinaviika mkono, ndipo zala zinasowa madzi asanafike n'komwe pamfundo ya dzanja. Ndere zija zikachuluka dzuwa n'kusowa, mpweya zimamaliza zokha, nsomba n'kubanika.

Akimu anafika ndi khasu. "Tigumule mtumbira wakumunsi, madzi oipawa apite."

"Apite kuti? Kumunsiku kuli chitsime cha a Clementina. Mudzi wonse umamwa pamenepo."

"Nanga tingoyang'ana nsomba zikufa?"

"Iyayi. Kumbani cha uku, madziwa alowe m'chimanga chathu."

"Kumeneko n'kutali, iwe. Pofika uko zitatha."

"Ndiye yambani msanga."

Ndinali ndisanamuyankhepo chotero chikwatiranire. Anandiyang'ana, n'kulavulira m'manja, n'kuyamba kukumba komwe ndinaloza.

Amalume anali akutsika kuchokera kungalande. Ndinamasula Maryam n'kuwapatsa osapempha, ine n'kuthamangira kumtunda kukachotsa miyala ndi zinyalala zotchinga njira ya madzi. Madzi ozizira anayamba kulowa, koma ochepa, ngati otuluka m'ketulo. Ndinatenga beseni, ndinalowa m'dziwe mpaka m'chiuno, n'kumatunga madzi ndi kuwakhuthula kuchokera pamwamba pa mutu kuti atole mpweya. Fungo lake linali ngati la dzira lovunda. Nsomba zinkandigunda m'miyendo mofooka, zosathawa.

"Mwana wa mlongo wanga, udwala," anatero amalume.

"Ndikadwala mudzanditengera kuchipatala ku Liwonde. Pano ayi."

Kenaka ndinamva phwa, phwa, kumbuyo kwanga. Mkulu uja anali atakwinya mkanjo wake woyera mpaka m'mawondo, mwana ali m'dzanja limodzi, dzanja linalo akumenya madzi ndi nsungwi, nkhope ataitembenuzira kumbali chifukwa cha fungo.

"Akimu," anaitana, "ukumba ngati ukukanda mphere. Thira mphamvu, mkamwini."

Mapewa anga anachita dzanzi, koma sindinaleke mpaka mitambo itang'ambika. Dzuwa litagunda madzi, timilomo tija tinayamba kumira, kamodzikamodzi. Zomwe zinatsala pamwamba zinali zakufa, ndipo zinadzadza beseni ndi ndowa. Zambiri zinapulumuka.

Masana ake Akimu anang'amba yekha zakufazo n'kuziyanika pawaya. Ine ndinasankha imodzi yomwe inali ikupumabe poivuula, ndinaiwotcha, n'kuichotsa minga mosamala. Maryam anakana kudyetsedwa. Anailanda, n'kuigwira ndi manja onse awiri, mafuta akuyenderera m'zala mpaka kugwera pamimba. Ndinamukhazika pamiyendo panga pamtumbira pomwepo, chitenje changa chikadali chonyowa, diso limodzi lili pakamwa pake, linalo pamadzi.