Nkhokwe Kuseri kwa Thanki

Ndili ndi nazale ya mitengo kuseri kwa nyumba, ndipo chaka chimenecho ndinafesa mtedza wa makademiya m'machubu mazana asanu. Sabata isanathe ndinayamba kupeza machubu ena atafukulidwa pakati, dothi lili pambali, mtedza mulibe. Lero khumi, mawa makumi awiri.

Mtima unakana kukhala m'malo. Ndikatereka madzi pamoto ndinkathamangira kukayendera machubu, pobwera poto atauma gwa. Kiyi wa nazale tinali naye anthu awiri, ine ndi alamu anga, mng'ono wawo wa malemu amuna anga, omwe ankandithirira mbande. Tsiku lina pakamwa panandipulumuka. Ndinanena mokuluwika kuti mbuzi imadya pomwe aimangirira. Alamu, munthu wa ana atatu, anangotsamiritsa keni yothirira kumpanda, n'kusiya kiyi pabenchi, ulendo.

Mtedza unapitirira kusowa.

Apa m'pamene ndinaimbira achemwali anga. Iwo anagwira ntchito zaka makumi awiri pamalo ofufuza za tizilombo towononga mbewu, moti kwathu timawaseka kuti Dokotala wa Mbewa. Anafika masana, ndipo asanamwe n'komwe madzi anali atagwada kale pakati pa machubu. Anatola khoko limodzi la mtedza, analitembenuza, n'kundionetsa timizere tiwiri togundizana m'mbali mwa bowo.

"Munthu amaswa ndi mwala," anatero. "Awa ndi mano."

Anandifotokozera kuti mbewa, makoswe, agologolo ndi abale awo onse ali ndi mano akutsogolo amene amakula moyo wonse, ndiye akapanda kukukuta zolimba manowo amatalika mpaka kanyamako kulephera kudya. Ine ndinkangoponda apa ndi apo. Ndinkafuna dzina la wakubayo, osati sukulu. Iwo anandituma phulusa, analisefera m'tinjira tonse, n'kundiuza kuti ndidikire kuche.

M'mawa paphulusa panali mapazi aakulu ngati a kamwana ka mphaka, pakati pake mzere wa mchira wokhwekhwereza. Achemwali anati ameneyo ndi bwampini, khoswe wamkulu wa kutchire wa mchira woyera kunsonga. Maso ake saona bwino koma mphuno imanunkhiza mtedza uli pansi pa dothi. Sadyera pomwe wapeza. Ali ndi matumba m'masaya, amalongedzamo mpaka mutu kutupa, n'kumatuta ulendo ndi ulendo.

Mapaziwo anatitsogolera pansi pa mpanda mpaka kuseri kwa thanki yakale ya madzi, pomwe panali una. Ndinathamangira khasu ndisanauzidwe. Achemwali ankandiuza kuti ndikumbe pang'onopang'ono, koma manja sankamva. Una unakhota kawiri, kenako khasu linagwera m'kachipinda.

Munali mtedza wanga, mulu wonse, wina utayamba kale kumera. Munalinso chimanga cha anthu ena, zitsekero za mabotolo, kachidutswa ka sopo ndi supuni yanga ya tiyi yomwe ndinakalipira mwana wanga wamkazi chaka chatha kuti waitaya. Achemwali anaseka mpaka kukhala pansi. Anati nyamayi ndi yaudongo kuposa ine: pogona pake, nkhokwe pake, chimbudzi pakenso.

Pogonapo tinapapeza titakumba pang'ono kumanzere. Pamasamba ouma panali tiana titatu topanda ubweya, maso asanatseguke. Mayi wa tianato anali kumbuyo kwawo atafufumitsa masaya, akulira mokhosomola. Ndinali nditakweza khasu. Linakhala m'mwamba kanthawi, kenako ndinalitsitsa.

Tinabwerera m'mbuyo. Patapita nthawi bwampini uja anatola kamwana kamodzi pakamwa n'kulowa nako una wina womwe sitinauone, anabweranso, mpaka onse atatu. Achemwali anati msampha sungathandize, ukachotsa uyu pabwera mnzake. Chofunika ndi kukweza machubu pathandala n'kutchinga ndi waya wa timabowo ting'onoting'ono, wokwiriridwa mpaka pansi.

Wodziwa kumanga zimenezo anali mmodzi yekha.

Ndinawapeza alamu pamalo pena pomwe ankamanga nyumba, akuponda matope. Ndinali nditakonza mawu njira yonse, koma nditafika anabalalika. Ndinangotambasula dzanja, m'menemo muli khoko lija.

"Alamu, ndinakulakwirani. Wakuba wapezeka, ali ndi mchira."

Analiyang'ana nthawi yaitali, osalitenga. Anafunsa ngati ndamupha, ndinati ayi, ali ndi ana.

"Nanga ine ndinalibe?"

Anzawo omanga nawo nyumba anasiya kugwira ntchito n'kumatimvetsera. Alamu anapukuta manja pabuluku, n'kunena kuti adzabwera Loweruka kudzamanga waya, koma zothirira ndipeze wina.

Loweruka anabweradi ndi hamala yawo. Anagwira ntchito tsiku lonse, ndipo tiyi amene ndinawaikira pabenchi anamwa theka.