Ulusi wa M'diso la Victorino

Maria José anafika ku Canongola, mumzinda wa Tete, popanda womuitana, makina osokera ali pamutu, tsiku lomwe mchimwene wake Victorino anatuluka m'chipatala. Tomásia, mkazi wa Victorino, anamulandira ndi manja awiri koma mtima ukuwira. Zaka zisanu ndi zinayi za banja, mlamu ameneyu anali asanayamikepo ngakhale madzi akumwa a pakhomopo.

Victorino ankayendetsa galimoto yonyamula malasha ku Moatize. Chingwe chawaya chinaduka akumanga katundu, n'kumucheka diso lamanja. Lamanzere linkaona mwachimbuuzi kuyambira kale, moti diso lovulalalo ndilo linkadyetsa banja. Dokotala analisoka ndi ulusi watsopano umene ankauyesa, woonda kuposa tsitsi, wokhala ndi mankhwala opha tizilombo m'kati mwake. Anamufotokozera Tomásia kawiri konse kuti ulusiwo uzitulutsa wokha mankhwala pang'onopang'ono, ndipo disolo asaligwire munthu.

"Magota odontheza m'diso ali kuti, alamu?" anafunsa Maria José atafufuza m'nyumba monse.

"Mankhwala ali mu ulusimo."

"Mu ulusi! Ine ndasoka zaka trinta, makumi atatu athunthu, sindinaonepo linya yochiritsa munthu. Ingonenani kuti mukufuna achimwene akhale akhungu, muziyenda mwaufulu m'Tete muno."

Mlendo ndi mame, Tomásia anadziuza choncho, koma mame awa dzuwa la Tete linawalephera.

Tsono Maria José anali ndi matenda ake awiri. Kwawo ku Angónia ankatchuka pochotsa anthu zitsotso m'maso, ndipo mbiriyo ankayenda nayo ngati mendulo. Chachiwiri, monga telala, sankatha kuona ulusi ukulendewera osaudula, ungakhale pa malaya a mlendo m'tchalitchi.

Tsiku lachisanu Victorino anayamba kudandaula kuti m'diso muli ngati mchenga. Tomásia anamukumbutsa kuti adokotala ananeneratu zimenezo, apirire. M'mawa mwake anatsikira kudimba lake ku Nhartanda, poti masamba anali kufota. Pochoka anamugwira mwamunayo dzanja, namupempha kuti asalole munthu kufika pankhope pake.

Pobwera masana anapeza Maria José atatambalala pakhonde, kambale koyera kali pamiyendo, nkhope ikuwala.

"Bwerani muone ntchito ya dotolo wanuyo. Kusiya linya ikubaya munthu m'diso! Usoki wanji umenewu?"

M'kambalemo munali timaulusi tiwiri takuda, ndi kachitsulo kake kozulira nsidze.

Beseni la masamba linagwa pansi. Tomásia anathamangira m'chipinda, napeza Victorino atatsamira khoma, kansalu konyowa kali padiso, madzi akutsika patsaya osaleka.

"Mwalola bwanji, bambo ake Yuran?"

"Kumandibaya. Chikope ndinatsegula ndekha. Ndi achemwali anga, sangandipweteke."

Zimene Tomásia anamunena mlamu wake pakhonde paja anthu a nyumba zitatu anazimva, ndipo ine sindizibwereza. Maria José sanagonje. Anakwera nawo minibasi yopita kuchipatala, akulongosolera aliyense kuti akukaphunzitsa dotolo kumanga mfundo.

Dokotala anasokanso bala lija, koma tizilombo tinali titalowa kale ndi kachitsulo kaja. Patapita masiku atatu diso linayera ngati la nsomba yophika. Tomásia analiona namwino akuchotsa thonje, nadziwa kuti Victorino sadzagwiranso chiwongolero.

Dokotala anatsimikiza kuti disolo silidzaonanso. Kenako anavula magalasi, mkwiyo uli poyera, nafunsa kuti wodwalayu ankamusamalira ndani kunyumba.

"Akazi awo ndi awa, senyoro dotolo," anatero Maria José mwaulemu wonse, akuloza ndi dzanja lonse. "Ine ndi mlendo chabe."

Tomásia anatembenukira kwa mwamuna wake. Mawu amodzi okha akanakwana. Anadikira, namwino naye anadikira. Victorino anaweramitsa mutu, napapasa pabedi mpaka anapeza dzanja la mlongo wake, naligwira.