Timapepala ta Mdzukulu Wanga ndi Shati ya Adokotala

Ndinamuchenjeza ine mdzukulu wanga. Ndinati, "Iwe mwana, ukamasita maso azikhala pa chovala, osati pa timapepala takoto. Simbi ilibe chibale."

Iye anangoseka. "Agogo, inu mumaopa ngakhale supuni."

Mtsikanayu amagwira ntchito pamalo ochapira ndi kusita zovala, kuseri kwa siteji ya basi. Sukulu analekezera panjira, koma Chingerezi chinamulowa m'magazi. M'mawa uliwonse amalemba mawu asanu atsopano pa timapepala n'kumata paliponse: pa chitseko, pa ndowa, pa galasi, ngakhale pa ndodo yanga. Lamulo lake n'lakuti dzuwa lisalowe asanalankhule mawuwo kwa munthu wamoyo. Munthu wamoyoyo kawirikawiri ndimakhala ine, amene m'kalasi sindinapondemo.

"Agogo, khalani apa. Ndinu kasitomala wokwiya."

"Ndakwiya chiyani?"

"Ndakutayirani batani."

Kukalipa ndiye ndimatha. Ndinkamulalatira m'chilankhulo chathu, iye n'kumapepesa m'Chingerezi, manja pachifuwa, mpaka ndiwo zinkatsala pang'ono kupserera. Ndinkachita manyazi kuti aneba aziti m'nyumba mwathu mwalowa misala, koma kunena zoona ndinkasangalala.

Tsiku lina kunja kunada ndi mitambo, iye ataiwala ambulera. Ndinamulondola nayo, poti chifuwa chake sichichedwa. Nditangoima pakhomo la kuntchito kwake ndinamuona m'kati: kapepala kali pakhoma pamwamba pa tebulo, milomo ikugwedera, dzanja lili phee pa simbi. Fungo linandifika ndisanakuwe.

Inali shati yoyera ya adokotala ena achikazi, mlendo wochokera kutali amene chilankhulo chathu sachimva. Pamsana pake panadindika simbi yonse, ndi mphuno yomwe.

Bwana wake, bambo wadazi wosachedwa kupsa mtima, anagwira kumutu. "Lero ntchito yakuthera! Ndiwauza chiyani adokotala?" Iyeyo Chingerezi chake chimathera pa moni.

Mawu ali m'kamwa, adokotala aja analowa. Ataona shati, nkhope inasintha. Bwana anayamba kukonzakonza mahang'ala amene anali okonzeka kale. Ntchito imeneyi ndi imene imatidyetsa awirife.

Mdzukulu wanga anapukuta manja pa epuloni n'kupita kutsogolo. Anaika manja pachifuwa. Atatsegula pakamwa, ndinazindikira kamvekedwe kake: anali mawu omwe aja a batani! Sindidziwa tanthauzo lake, koma ndikanatha kumuthandiza kuwamaliza. Pena ankakakamira, n'kuyang'ana kudenga, mawu n'kubwera.

Adokotala anayankha mwaukali poyamba. Kenako mawu anatsika. Analoza khosi lawo n'kumadzikanda, mtsikana akugwedeza mutu, akufunsa, akulemba. Potuluka anamugwira paphewa, shati yopsayo ili m'manja.

"Akuti chiyani?" bwana anafunsa monong'ona.

"Akuti shati yawapweteka mtima. Koma akhala miyezi itatu akuyesa kukuuzani kuti sopo wathu amawayabwa, inu n'kumangoti zikomo. Mawa abweretsa makatani, tichape ndi sopo wina."

Bwana anakanda dazi lake nthawi yaitali. Kenako anazula waya wa simbi pakhoma.

"Simbi yanga usadzaigwirenso. Kuyambira mawa uzikhala pa kauntala, uzilankhula ndi anthu. Kumeneko sungawotche kanthu."

Pobwerera mvula inayamba, tonse tinapanikizana mu ambulera imodzi.

"Ndinakuuza kapena sindinakuuze?"

"Munandiuza, agogo."

"Ndiye?"

"Ndiye mawa mukhala kasitomala amene makatani ake afupika."

Simbi anamulanda ndithu, monga ndinanenera. Tsopano amakhala pa mpando wautali pafupi ndi khomo, zala zopanda matuza, timapepala tili mbwee pansi pa kauntala. Pakhomopo pamawomba mphepo yoipa. Ndamuuza kale kuti azivala juzi.