Malaya Ogunda Pachifuwa

Pu Hrangkhuma (kwathu Pu ndiye kuti Bambo) ndiwo ankaimba ng'oma m'tchalitchi chathu ku Aizawl, koma makutu anali atayamba kuwathawa. Akulu a mpingo anagwirizana kuti awayese komaliza. Akalephera, ng'oma ipite kwa wina.

Pu Hrangkhuma anasankha okha kuti mayesowo achitikire kuntchito kwa Zorini, mayi wopanga zipangizo zoimbira. Ukavala magalasi ake ndi zakumakutu umapezeka m'tchalitchi chachikulu chongopeka, mawu akuwomba makoma n'kubwerera. Mayiyu anapanganso malaya a anthu osamva, amene amagunda pachifuwa motsatira nyimbo.

Pu Hrangkhuma anaiwala kuti Zorini ndi mwana wa malemu Pu Siama. Pu Siama atagontha, Pu Hrangkhuma anawalanda ng'oma yomweyo mpingo ukuona, nati amaimba ngati mbuzi yothamanga padenga la malata. Bambowo sanalowenso m'nyumba ya Mulungu mpaka tinawaika m'manda.

"Mwana wanga, timalaya takoti sitindiluma?" anafunsa mokuwa Pu Hrangkhuma tsiku la mayesolo.

"Sitiluma, Pu," anatero Zorini, akumanga zingwe. "Kokani mimba. Nkhumba ya pa Khirisimasi ija ikadali momwemu?"

Tonse tinaseka. Zorini sanaseke.

Ife a kwaya tinayamba nyimbo ya kuuka kwa akufa. Ndime yoyamba ng'oma inayenda bwino, mpaka ine misozi inalengeza. Kenako ndinaona chala cha Zorini chikukankha kabatani pang'onopang'ono. Malaya anayamba kugunda mochedwa, ndipo ng'oma inawatsatira mokhulupirika.

Kutchalitchi, Pu Hrangkhuma ankadalira milomo yathu. Apa magalasi anawabisira milomoyo, ankangoona mabenchi opanda anthu. Ife tili pa aleluya, iwo akadali kumanda, akumenya ndi mtima wonse, nkhope ikuwala. Wina anaphulika ndi phwete, kuseka kunafalikira, nyimbo inafa.

Atavula magalasi anationa tikubisa pakamwa.

"Malayawa anama," anatero. "Mwana wanga, auze akuluwa."

Zorini anawayandikira kuti aone bwino milomo yake.

"Malaya ali bwinobwino, Pu. Mwakalamba basi."

Ndinamupempherera mumtima, pakuti kubwezera kuli ndi Mwini wake, ndipo moto umene anasonkhawo udzamuwotcha yekha. Koma mkulu wa mpingo anali atatambasula kale dzanja. Pu Hrangkhuma anayang'ana ndodo ya ng'oma nthawi yaitali, anaipukuta ndi mpango, n'kuipereka.